Mbeŵa ndi Mbewu ya Magazi

Chilimwe chikafika anyamata a kuno ku Area 49 amakumba mbeŵa za ndiwo. Komatu kanyama kameneka kali ndi mbiri ina.

Bomba la atomiki litagwa ku Hiroshima m'chaka cha 1945, ambiri amene anapulumuka moto anafa patapita masabata. Cheza cha bombalo chinali chitawononga mafuta a m'mafupa, mmene magazi amapangidwa.

Pofunafuna chitetezo, akatswiri anatembenukira kwa mbeŵa. Mu 1949 Leon Jacobson wa ku Chicago anaphimba kapamba wa mbeŵa ndi mtovu asanaziwombe ndi cheza, ndipo zambiri sizinafe, pakuti kapamba wa mbeŵa amapanganso magazi. Mu 1951 Egon Lorenz anapulumutsa zina pozibaya mafuta a m'mafupa a zinzake. Mu 1961 James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto anatsimikiza kuti m'mafutamo muli maselo obala magazi, onga mbewu.

Tsono dokotala wa khansa pa Kamuzu Central akafuna kukuyezani magazi musanalandire chithandizo, musayese kuti akukuchedwetsani. Akusamala mbewu imeneyi.