Mlandu wa Ethiopia ku League of Nations, 1935 mpaka 1936

Bungwe la League of Nations linayamba ntchito mu Januwale 1920, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangotha, ndipo likulu lake linali ku Geneva. Pangano lake linali lomveka bwino: dziko lililonse la m'bungwemo lilemekeze malire a linzake, ndipo lina likaputa nkhondo, ena onse aleke kuchita nalo malonda. Komabe bungweli linalibe asilikali akeake. Dziko la America, lomwe pulezidenti wake Woodrow Wilson ndiye anabweretsa ganizoli, silinalowemo konse. Mphamvu zinatsalira m'manja mwa mayiko anayi okhala ndi mipando yokhazikika mu khonsolo, Britain, France, Italy ndi Japan, onsewo atsamunda olamulira mayiko a eni.

Ethiopia inalowa m'bungweli mu 1923, italonjeza kuthetsa ukapolo. Inali ndi chifukwa chofunira chitetezo. Pa 1 Malichi 1896 ankhondo a Mfumu Menelik II anagonjetsa Italy ku Adwa, ndipo Italy inasunga mangawa kuyambira pamenepo. Inali kale ndi Eritrea kumpoto ndi Somaliland kum'mwera chakum'mawa, ndipo mtsogoleri wake Benito Mussolini ankafuna kulumikiza maderawa polanda dziko lapakati.

Chifukwa chonamizira chinapezeka pa 5 Disembala 1934 pa zitsime za Walwal m'chigawo cha Ogaden, mkati mwa Ethiopia, pomwe Italy inali itamanga linga. Asilikali anaomberana, ndipo Aitiyopiya oposa 100 anafa. Mfumu Haile Selassie anakadandaula ku Geneva mu Januwale 1935. Mlanduwo unangozengerezeka. Komiti yofufuza inamaliza ntchito mu Sepitembala ndi chigamulo choti palibe mbali yolakwa, popeza sinaloledwe kuyankha funso lenileni loti zitsimezo zinali m'dziko la yani. Miyezi yonseyo sitima za Italy zinkadutsa m'ngalande ya Suez zitadzaza asilikali, mizinga ndi ndege. Britain ndi France zinaletsa kugulitsa zida kwa mbali zonse ziwiri, chiletso chimene chinapweteka Ethiopia yokha, chifukwa Italy inali ndi mafakitale ake a zida.

Chimene chinamanga manja a mayiko awiriwa chinali Germany. Mtsogoleri wake Adolf Hitler anali atayamba kukulitsa gulu lake lankhondo, ndipo France makamaka inkafuna Mussolini akhale mnzake. Atsogoleri a Britain, France ndi Italy atakumana ku Stresa mu Epulo 1935, anakambirana za mtendere wa ku Ulaya, koma nkhani ya Ethiopia sanaiike patebulo. Mussolini anaona kuti njira ndi yotsegula. Anali ataonanso kuti Japan italanda Manchuria mu 1931 inangodzudzulidwa pakamwa, kenaka n'kutuluka m'bungwe mu 1933.

Pa 3 Okutobala 1935 ankhondo a Italy anawoloka malire kuchokera ku Eritrea. Patangopita masiku anayi khonsolo inanena poyera kuti Italy yaswa pangano, ndipo mu Novembala zilango zinayamba: osaigulitsa zida, osaibwereketsa ndalama, osagula katundu wake. Mayiko pafupifupi 50 anavomera. Koma pa mndandanda wa zoletsedwa panalibe mafuta, malasha ndi chitsulo, zinthu zomwe zinkayendetsa nkhondoyo. Ngalande ya Suez, yomwe Britain inali ndi mphamvu yoitseka, inakhalabe yotsegula.

Mu Disembala chaka chomwecho nduna yoona za kunja ya Britain, Samuel Hoare, ndi nduna yaikulu ya France, Pierre Laval, anapangana mseri ku Paris kuti Italy ipatsidwe gawo lalikulu la Tigray ndi Ogaden, ilamulirenso chuma cha kum'mwera, ndipo Ethiopia ipatsidwe kanjira kofikira kunyanja. Kunali ngati kuuza mwini khola kuti agawane mbuzi ndi wakuba kuti phokoso lithe. Nyuzipepala zitaulula chinsinsichi anthu ku Britain anakwiya kwambiri, Hoare anatula pansi udindo, ndipo Laval anagwa mu Januwale 1936. Panganolo linafa, koma mayiko ang'onoang'ono anali ataona kale kuti alonda a lamulo ankagulitsa mnzawo usiku.

Kunkhondoko zinthu zinaipiraipira. Marshal Pietro Badoglio atatenga utsogoleri wa asilikali a Italy, ndege zinayamba kuthira mpweya wa poizoni wotentha khungu ndi mapapo, ngakhale kuti Italy inali itasainira pangano la ku Geneva la 1925 loletsa zida zotere. Poizoniyo ankagwera asilikali oyenda opanda nsapato, ziweto, msipu ndi mitsinje. Zipatala za Red Cross zinaphulitsidwanso, kuphatikizapo cha anthu a ku Sweden pafupi ndi Dolo pa 30 Disembala 1935. Hitler atalowetsa asilikali m'chigawo cha Rhineland pa 7 Malichi 1936, maso onse a ku Ulaya anatembenukira kumeneko ndipo zokamba za kuletsa mafuta zinazirala. Pa 31 Malichi Haile Selassie anagonja pa nkhondo ya ku Maychew. Anachoka pa sitima ya pamtunda kupita ku Djibouti pa 2 Meyi, ndipo Addis Ababa inagwa pa 5 Meyi.

Pa 30 Juni 1936 mfumuyo inaimirira pamaso pa msonkhano waukulu ku Geneva. Atolankhani a ku Italy anayamba kuimba malikhweru ndi kukuwa mpaka anatulutsidwa. Iye analankhula m'Chiamuhariki, kufotokoza za poizoni ndi kufunsa ngati malonjezo operekedwa kwa mayiko ang'onoang'ono ali ndi tanthauzo lililonse. Patatha masabata awiri zilango zinachotsedwa. Mfumuyo inakakhala mumzinda wa Bath ku England. Mu Febuluwale 1937, anthu ena atayesa kupha bwanamkubwa Rodolfo Graziani, Aitiyopiya zikwizikwi anaphedwa ku Addis Ababa m'masiku atatu, ndipo mu Meyi amonke a ku Debre Libanos anaphedwanso. Italy inatuluka m'bungwe mu Disembala 1937, ndipo mu 1938 Britain inavomereza kuti Ethiopia ndi ya Italy.

Thandizo linabwera pokhapokha Italy itasanduka mdani wa Britain mu Juni 1940. Pamodzi ndi Aitiyopiya omwe sanasiye kumenya nkhondo m'mapiri, asilikali ochokera ku India, South Africa, Nigeria, Gold Coast, komanso a King's African Rifles, kuphatikizapo a ku Nyasaland, anathamangitsa Italy. Haile Selassie analowanso mu Addis Ababa pa 5 Meyi 1941.

League of Nations inathetsedwa mu Epulo 1946, United Nations itakhazikitsidwa kale mu 1945, Ethiopia ili m'gulu la mayiko oyambitsa. Khonsolo ya chitetezo ya bungwe latsopanoli inapatsidwa mphamvu yolamula kuti asilikali atumizidwe, koma America, Soviet Union, Britain, France ndi China anapatsidwanso ufulu woti aliyense payekha akhoza kuletsa chigamulo. Ethiopia inasonkhanitsa umboni ndi kupempha kuti Badoglio ndi Graziani aimbidwe mlandu, koma Britain sinafune, ndipo awiriwo anamwalira osayankhapo pa zimene anachita ku Ethiopia.