Kanyenyezi ndi Dzina la Zilembo Zisanu ndi Zitatu

Nkhani ya lero ndi ya maina. Osati maina a ana, koma a mafayilo, zolembedwa zimene timasunga m'kompyuta.

M'chaka cha 1974, Gary Kildall wa ku America anakonza CP/M, pulogalamu yoyendetsera makompyuta aang'ono. Popeza malo pa disiki anali ochepa, dzina la fayilo analipatsa timipata 11 tokha: 8 ta dzina lenileni, ndi 3 tonena mtundu wa fayiloyo, mpumiro uli pakati. Mu 1980 Tim Paterson anatsata lamulo lomweli m'pulogalamu yake imene inadzakhala MS-DOS, ndipo linafala ndi makompyuta a IBM kuyambira mu 1981. Motero KALATA.TXT inkakwanamo bwino, koma CHIPATALA.TXT inkaduka mchira, nkukhala CHIPATAL.TXT.

Munthu akafuna kuitana mafayilo ambiri nthaŵi imodzi, anali ndi zizindikiro ziŵiri. Mfunsiro (?) unkaimira chilembo chimodzi, pamene kanyenyezi (*) kankaimira zilembo zonse zotsala. Apa mpamene panagona ngozi. MS-DOS ikaona kanyenyezi, inkangodzaza mifunsiro m'timipata tonse totsala mpaka pa mpumiro, osasamala chilembo chimene chalembedwa patsogolo pake. Choncho wolemba DEL *A.TXT, poganiza kuti akufufuta mafayilo othera ndi A okha, ankafufuta fayilo iliyonse ya TXT m'chikwatu chimenecho.

Mu 1995, Windows 95 inalola maina otalika mpaka zilembo 255. Koma pofuna kuti mapulogalamu akale asasokonezeke, fayilo ya dzina lalitali inkapatsidwanso dzina lalifupi lobisika: Program Files inakhala PROGRA~1. Zili ngati munthu wotha chinamwali. Wapatsidwa dzina latsopano, koma ukamutchula laubwana amacheukabe. Kanyenyezi kamaitana maina onse aŵiri. Nchifukwa chake, pa disiki imene imasunga maina aafupiwa, DEL *.HTM imafufutanso mafayilo othera ndi .HTML, pakuti dzina lawo lobisika limathera ndi .HTM.

Tsono inu alembi a m'maofesi ndi aphunzitsi osunga malikisi a ana, musanalembe DEL yambani mwalemba DIR ndi zizindikiro zomwezo, muŵerenge maina amene atuluke, kenaka mufufute. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.