Mbatata, mbatatesi ndi batata-reno: mayinawa anachokera kuti?



Buku la Chipwitikizi likangolemba kuti batata, mwana wa ku Mandimba amaganiza za mbatata ya kholowa ija amamwera tiyi m'mawa, pamene wolemba bukuyo mwina akunena mbatatesi. Ine ndimati mwanayo sanalakwe. Kusokonezeka kumeneku kunayamba zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo anakuyambitsa ndi akuluakulu.

Mbewu ziwirizi zinachokera ku America. Anthu a mtundu wa Taino, amene Columbus anawapeza pa zilumba za Caribbean mu 1492, ankatchula mbatata ya kholowa kuti batata. Apwitikizi anatenga mbewuyo pamodzi ndi dzina lake, ndipo m'zaka za m'ma 1500 anaifikitsa m'magombe a Africa. Makolo athu anangoika "m" kutsogolo, dzinalo n'kukhala mbatata. Lero likumveka ngati lathulathu.

Mbatatesi kwawo ndi kwina. Inayamba kulimidwa m'mapiri a Andes, kufupi ndi nyanja ya Titicaca pamalire a Peru ndi Bolivia, zaka zoposa 7,000 zapitazo. M'chinenero cha Quechua amaitchula kuti papa, ndipo kumeneko kuli mitundu yake yoposa 4,000. Anthu a ku Spain anaifikitsa ku Ulaya cha m'ma 1570. Poona kuti nayonso imabereka pansi, anaipatsa dzina lofanana ndi la mnzake uja. Apa m'pamene panachokera patata wa Chisipanishi ndi potato wa Chingerezi. Kuno kwathu inafika mochedwa, ndi amishoni komanso atsamunda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ku Malawi anamva Angerezi akunena kuti potatoes, iwo n'kuti mbatatesi, ena n'kumati kachewere. Ku Mozambique timati batata-reno, ku Brazil amati batata-inglesa, ndipo tsidya la Chiponde mudzamva ena akuti "Irish". Komatu mbewuyi si ya ku England kapena ku Ireland.

Dzina la Ireland lili ndi mbiri yowawa. Anthu osauka kumeneko ankadalira mbatatesi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ambiri ankadzala mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumper. Mu 1845 kunabuka chiwawu, matenda omwe aja amadetsa masamba ndi kuoletsa mbatatesi kukakhala chinyezi ndi kuzizira. Pomafika 1852, anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atamwalira ndi njala komanso matenda, ndipo ena oposa 1 miliyoni anathawa m'dzikomo. Chiwawu chimenechi chikadalipo m'minda yathu nyengo ya mvula. N'chifukwa chake alangizi amatiuza kuti tisamabwereze mbatatesi pamunda umodzi chaka ndi chaka, tisamasunge mbewu yochokera m'munda wodwala, ndiponso tisamadalire mtundu umodzi.

Ngakhale mayina akufanana, mbewuzi si pachibale. Mbatata ya kholowa ndi muzu umene wanenepa ndi chakudya. Mbatatesi ndi tsinde lomera pansi pa dothi, n'chifukwa chake ili ndi maso, ndipo diso lililonse lingathe kuphuka. Achibale a mbatatesi ndi tomato, fodya, biringanya ndi nthula. Izi zikufotokoza zimene amayi athu amadziwa kale: kholowa timathyola n'kutendera, koma masamba a mbatatesi sitidya. Ana adziwenso kuti timipira tobiriwira timene timabereka maluwa a mbatatesi akayoyoka, ngakhale tikuoneka ngati tomato, tili ndi poizoni. Mbatatesi imene yaombedwa ndi dzuwa n'kubiriwira ili ndi poizoni yemweyo, wotchedwa solanine. Mlimi akamakwezera dothi pamizere amakhala akuiteteza ku dzuwa. Yobiriwira pang'ono muisende mozama, yobiriwira kwambiri kapena yowawa itayeni.

Mukayenda pa msewu wa N13 kuchoka ku Cuamba, kudutsa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, mudzaona kuti mbewuyi sinaiwale kwawo. Mbatatesi imabereka bwino kozizira, ndipo usiku kukamatentha kupitirira madigiri 20 imangochulutsa masamba, pansi n'kubereka zochepa. Cuamba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo kumatentha. Lichinga ili pa mamita oposa 1,300. Choncho kumtunda kwa Ngauma ndi Lichinga ndiye kwawo kwa batata-reno, monganso Angónia ndi Tsangano ku Tete, kapena Dedza ndi Ntcheu ku Malawi. Kumunsi kotentha, mbatata ya kholowa ndiyo imachita bwino.

Nayonso mbatata ya kholowa ili ndi mbiri yatsopano m'dziko lathu lino. Mu 2016, Dr Maria Andrade, wa ku Cabo Verde koma wogwira ntchito ku Mozambique, anali mmodzi mwa anthu anayi amene analandira mphoto ya World Food Prize. Ntchito yake inali ya mbatata yofiira m'kati, imene imapatsa ana vitamini A woteteza maso.

Chiyambireni maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu za ku Mozambique mu 2003, tili ndi mwayi wophunzitsa zinthu ngati izi m'chinenero chimene mwana amamva. Pa nkhani iyi Chinyanja chathu chili ndi mayina awiri osiyana, pamene Chipwitikizi chimafunika kuwonjezera mawu akuti doce kapena reno kuti chimveke. Pempho langa ndi ili: mubwere nazo zonse ziwiri m'kalasi, ana azigwire, afufuze imene ili ndi maso, kenako alembe mayina ake m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Akakafika kunyumba akafunse agogo kuti m'Chiyao kapena m'Chimakhuwa amazitchula bwanji, mawa lake adzatiphunzitse ifeyo.