Ngozi Family: Nyimbo za m'ma 1970 zomwe zinatulukanso patapita zaka zambiri

Ngozi Family linali gulu loyimba la mumzinda wa Lusaka ku Zambia, lomwe linatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi chamba cha Zamrock. Chambachi chinaphatikiza rock ndi blues za kunja ndi kayimbidwe ka kumudzi, ndipo chinkadziwika ndi kulira kokakala kwa gitala yamagetsi.

Mtsogoleri wa gululi anali Paul Ngozi, yemwe dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Iye anabadwa mu 1949 ndipo anayamba wayimbako m'gulu la Musi-O-Tunya. Ng'oma ankaziyimba Chrissy Zebby Tembo. Gululi linkayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo nyimbo zake zinkakamba za moyo wa anthu wamba a m'makomboni.

Chimbale cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo cha 45,000 Volts chinatsatira mu 1977. Pa nthawiyo Pulezidenti Kenneth Kaunda anali atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo, zomwe zinathandiza magulu ngati limeneli kupeza omvera.

Koma mtengo wa kopa utagwa, chuma cha Zambia chinalowa pansi ndipo anthu anasiya kugula zimbale. Mliri wa Edzi unapha oyimba ambiri a Zamrock. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Zimbale za gululi zinasowa pamsika, ndipo zochepa zomwe zinatsala zinali m'manja mwa anthu osonkhanitsa nyimbo zakale.

Mu 2014 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yomwe mwini wake ndi Eothen Alapatt, inatulutsanso Day of Judgement, patatha zaka 38. Mu 2017 kampaniyo inatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock!, momwe munasonkhanitsidwa nyimbo za magulu osiyanasiyana a nthawiyo. Pambuyo pake inatulutsanso 45,000 Volts.

Kutulukanso kwa nyimbozi kunazifikitsa kwa mbadwo womwe sunaonepo Paul Ngozi ali pansanja. Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anagwiritsa ntchito mbali ya nyimbo ya Nizakupanga Ngozi mu nyimbo yake ya Noid. Motero mawu a Chinyanja omwe anajambulidwa zaka 47 m'mbuyomo anamveka m'mayiko ambiri.