Nyengo Yozizira ndi Mbewu za Pamsika wa Soweto

Kuyambira cha m'ma 1300 mpaka cha m'ma 1850, madera ambiri a dziko lapansi anazizira kuposa kale. Ku Ulaya mvula yosalekeza inawononga tirigu, ndipo njala ya 1315 mpaka 1317 inapha anthu ambirimbiri. Ku Greenland midzi ya anthu ochokera ku Ulaya inatheratu m'zaka za m'ma 1400.

M'nyengo yomweyi, Portugal, dziko limene tirigu ankaperewera kawirikawiri, linalima mbewuyi pa zilumba za Madeira ndi Azores, kwinaku amalinyero ake akufunafuna golide ndi zokometsera zakudya. Vasco da Gama anafika kugombe la Mozambique mu 1498, ndipo m'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'chigwa cha Zambezi.

Maulendo ena a panyanja a Apwitikizi anabweretsa chimanga, chinangwa, mtedza ndi mbatata kuchokera ku America. Mbewuzi zinafalikira pang'onopang'ono m'chigwa cha Zambezi, kumene chilala chinkasautsa anthu odalira mapira ndi mawere. Chinangwa chinkapirira chilala, pamene chimanga chinkacha msanga. Lero mbewu zimenezi ndi zimene zimadzaza matumba pamsika wa Soweto mumzinda wa Lusaka.