Robert Good, Kazembe Woyamba wa Amereka mu Zambia

Anthu a kwa Malama, m'cigwa ca Luangwa, adziwa kuti mfumu ikafuna kukamba nkhani ndi mfumu inzake imatuma nduna yokhulupirika. Maiko nawonso acita cimodzimodzi, ndipo nduna yotere aicha kazembe.

Zambia atalandira ufulu pa 24 October 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson wa ku Amereka anatuma Robert Good kukakhala kazembe ku Lusaka. Munthuyu anabadwa m'caka ca 1924, naphunzira pa sukulu yaikulu ya Yale. Anafika mu 1965, ndipo caka cisanathe nchito yake inalemera.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia wadzilekanitsa ndi Britain, kuti azungu ocepa apitirize kulamulira anthu akuda ambiri. Tsono Zambia alibe nyanja: mafuta a galimoto anali kudzera m'Rhodesia, malasha anali kucokera ku Wankie, ndipo nyumba ya magetsi a Kariba inali tsidya lija la Zambezi. M'December Angerezi analetsa kugulitsa mafuta kwa Smith, ndipo iye pobwezera anatsekera Zambia njira ya mafuta.

Apa mpamene panaonekera nchito ya kazembe. Good anaima pakati pa maboma awiri: kwa a ku Washington anafotokoza zosowa za Zambia, ndi kwa Pulezidenti Kaunda anafotokoza pamene thandizo la Amereka linalekezera. Kuyambira January 1966 ndege za Amereka zinanyamula mafuta kucokera ku Léopoldville kufikira ku Elisabethville m'dziko la Congo, pafupi ndi migodi ya mkuwa. Ndege za Britain ndi Canada zinathandizanso. Akulu anati, mnzako akapsa ndevu mzimire. Komabe moto weniweni sunazime, pakuti Britain anakana kucotsa Smith ndi nkhondo monga Kaunda anafunira.

Good anacoka m'Zambia mu 1968, caka cimene paipi ya mafuta yocokera ku Dar es Salaam inatsegulidwa. Sanaiwale zimene anaona. Mu 1973 anatulutsa buku lochedwa U.D.I., lofotokoza mmene maiko akulu analepherera kugonjetsa Smith. Pambuyo pake anakhala mkulu wa Denison University, namwalira mu 1984, patapita zaka zinai Zimbabwe atamasuka.

Mnyamata kapena mtsikana wolowa nchito ya Boma akumbukire ici: wotumidwa wabwino anena zoona kwa amene anamlandira, ndiponso kwa amene anamtuma.