Gomani wa ku Lizulu, mfumu ya anthu a mbali ziwiri za malire

Akuluakulu a ku Ntcheu akamasimba mbiri ya ufumu wa Gomani amayambira kutali, kudziko la Aswazi, kumene Angoni a kwa Maseko adanyamuka pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka. Adaoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kumene mfumu yawo Mputa idaphedwa. Chidyaonga, mbale wake wa Mputa, ndiye adabweza mtunduwo kumwera, naukhazika patsinde pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Phirilo lero lili ku Mozambique, m'boma la Angónia.

Chikuse, mwana wa Mputa, adalamulira dziko limodzi lopanda mpanda pakati. Anthu ake adali osakanikirana kale: Angoni obadwa, Achewa, Antumba ndi ena ogwidwa kunkhondo. Ankavina ngoma, ankalonjera mfumu kuti "Bayethe", koma pakhomo chinenero cha amayi Achichewa chidayamba kumeza Chingoni. M'chaka chomwe Chikuse adamwalira, 1891, Angerezi ndi Apwitikizi adasaina pangano logawana malo, ndipo malire adadzera pamtunda womwewo wa Angoni. Ku Domwe palibe adafunsidwa. Banja lidadzuka munda uli kwa Mngerezi, manda a agogo ali kwa Mpwitikizi.

Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, sadavomere kuti anthu ake azikhoma msonkho kapena kukagwira ntchito kwa azungu. Asilikali a boma la Angerezi adamugwira mu Okutobala 1896. Akuluakulu amati adakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, ndipo adamumangirira kumtengo namuwombera. Mwana wake Philip adali wamng'ono, ndipo mpando udakhala wopanda mwini mpaka 1921, pamene Philip adalongedwa kukhala Gomani wachiwiri, likulu lake ku Lizulu, m'mphepete mwenimweni mwa malire.

Kwa zaka zambiri boma la atsamunda linkawawerengera a Philip Gomani ngati mfumu yodalirika. Adali Mkhristu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, wolimbikitsa sukulu ndi ukhondo m'midzi. Tsono chidawasandutsa otsutsa boma n'chiyani?

Ofotokoza mbiri amaloza ku chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amuna ambiri a ku Ntcheu adagwirapo ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ankabwerako ndi nkhani za chitupa, za malo olandidwa, za mafumu osanduka akapitawo a azungu. Mtundu umene udadulidwapo kale pakati popanda kuufunsa sukadakhala chete pomva kuti dziko lake likulumikizidwa ku Salisbury, likulu la Southern Rhodesia, kachiwirinso popanda kuufunsa. Apa Ungoni ndi Unyasa zidakumana. Nyasaland African Congress, imene idakhazikitsidwa mu 1944, idali ndi aphunzitsi ndi makalaliki odziwa kulemba madandaulo, koma amene mawu ake ankamveka m'bwalo la mudzi adali mfumu. A Gomani atalankhula, mlimi amene sadawerengepo kalata ya Congress adadziwa kuti nkhani ya Nyasaland ndi yakenso.

Kumayambiriro kwa 1953 mafumu adatumiza nthumwi ku London kukakana chitaganya. A Gomani adali odwala, choncho adapita mwana wawo Willard. Mfumukazi ya Angerezi sadaione, ndipo pempho lawo lidagwa pansi. Mu Meyi chaka chomwecho a Gomani adauza anthu awo kuti aleke kukhoma msonkho ndiponso aleke kutsata malamulo a malimidwe, aja ankamangitsa anthu chifukwa cha mizere ndi milambala. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidawalamula kuti abweze mawuwo. Adakana. Lidawachotsa paudindo, nililamula kuti achoke m'boma la Ntcheu.

Apolisi atafika ku Lizulu kudzawatenga, khamu la anthu lidatchinga. Utsi wokhetsa misozi udaphulika, ndipo m'chipwirikiticho mfumu yodwalayo idazembetsedwa n'kuolotsedwa malire, pamodzi ndi Willard ndi mbusa wa Anglican, Michael Scott, amene adali mlendo wawo. Kwa owanyamulawo uku sikudali kuthawira kudziko lachilendo. Kudali kupita kwa abale, kufupi ndi Domwe, kumene dzina la Maseko linkalemekezedwa monga ku Lizulu. Koma mfuti kumeneko zidali za Apwitikizi, ndipo iwo adawagwira nawapereka kwa Angerezi. Scott adapirikitsidwa m'dziko, Willard adamangidwa, ndipo a Gomani sadaloledwenso kubwerera kwawo. Chitaganya chidayamba pa 1 Ogasiti 1953. Mfumuyo idamwalira pa 12 Meyi 1954 kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo, ndipo namtindi wa anthu udakaiika ku Lizulu.

Akuluakulu akafika pamenepa amachedwapo, chifukwa m'pamene zidaonekera poyera kuti ubale wa magazi ungathe kubisa munthu usiku umodzi koma sungathe kugonjetsa boma. Ufulu udayenera kumenyedwa m'dzina la dziko limene mzungu adalemba pamapu. Angoni a ku Nyasaland adalowa gulu limodzi ndi Atumbuka, Ayao, Alomwe ndi Atonga, anthu amene makolo a ena mwa iwo adathawapo mikondo ya Angoni. Willard adasankhidwa kukhala phungu mu 1961 pansi pa Malawi Congress Party, chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, Malawi idalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo mu 1966 Willard adalongedwa kukhala Gomani wachitatu. Abale a ku Angónia adayenda njira yawoyawo, ya Frelimo ndi nkhondo ya m'tchire, ufulu wawo nkufika pa 25 Juni 1975.

Ubalewo sudaduke. Nkhondo yapachiweniweni itavuta ku Mozambique m'ma 1980, mabanja ambiri a ku Angónia adangodumpha msewu wa M1 nalandiridwa m'midzi ya ku Ntcheu ndi Dedza. Lero nkhope ya Gomani wachiwiri ili pa ndalama ya K50 ngati ngwazi ya Malawi, ndipo chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, kumene kuli manda a Gomani woyamba, mafumu ndi magulu a ngoma ochokera ku Mozambique amabwera kudzalonjera Inkosi ya Makosi Gomani wachisanu.